Njira ya kumtunda yatsekedwa: mafunso amene mwakhala mukutifunsa

Chitsekereni njira yokwera kunsonga, mvula ija itagumula mbali ina ya phiri, foni ya mu ofesi muno sikupuma. Ena akuimba mwaulemu, ena ayi. Ena afika pachipata mbandakucha, zikwama zili kumsana, n'kubwerera akutukwana alonda amene sanalakwe kanthu. Apa tayankha mafunso amene akubwera kawirikawiri.

Njirayi itsegulidwa liti?

Tsiku sititchula. Tikatchula ndiye n'kulephera, mudzatinenanso kuti ndife abodza.

Amalamula kuti njira itsekedwe ndani?

Mkulu wa paki, akalandira lipoti la alonda amene ayendamo.

Kunja kwayera kwa masiku angapo tsopano. Mukudikira chiyani?

Dzuwa limaumitsa pamwamba pokha. Pansi dothi limakhala lidakali lokhuta madzi, ndipo miyala imene yatsala lendelende imatha kugubuduka patapita masiku mvula itasiya. Mlonda wathu atapita kukaona, anapeza kuti pamene panali njira patsala kamzere kongokwana phazi limodzi, kumanzere kuli phompho. Komanso nyengo ya pachipata si ya kumtunda. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo chifunga chimabwera mosagogoda.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Munthu akaona matope amalambalala, wobwera pambuyo amalambalalanso, mapeto ake kanjira kamasanduka msewu, udzu wa m'mbali n'kufa, madzi n'kupeza pokokolola.

Kodi n'zoona kuti ngakhale mapaki otchuka amatseka njira zawo?

N'zoona. Ku Peru, njira ya Inca Trail yopita ku Machu Picchu imatsekedwa mwezi wonse wa February chaka chilichonse kuti aikonze. Ku Japan, m'chaka cha 2024, anaika geti pa njira ya Yoshida yokwera phiri la Fuji n'kulamula kuti asapitirire anthu 4,000 patsiku. Ife sitinayambe zachilendo.

Timalipira polowa. Nanga bwanji kukonza kamlatho kamodzi kukutenga miyezi?

Dandaulo ili talimva, ndipo sitikana kuti ntchito ina yachedwa kuposa m'mene tinkafunira. Koma mudziwe kuti m'mapaki ambiri ndalama za pachipata sizitsala zonse pamalopo. Zina zimapita kulikulu n'kukagawidwa. Zotsalazo n'zimene zimalipira alonda, kutola zinyalala, zimbudzi ndi zida. Kumtunda sikufika galimoto. Thabwa lililonse, thumba la simenti lililonse, limakwera paphewa la munthu. Ndipo ntchito yambiri simuiona n'komwe: kuvuula ngalande zing'onozing'ono zodutsa m'njira kuti madzi apatuke, kuyala miyala pa masitepe, kudula mitengo yogwa. Ngalande zija zikatsekeka nyengo imodzi yokha, njira imasanduka mtsinje.

Ndinagula kale chilolezo. Mundibwezera ndalama?

Ngati ndife tatseka njira, mutha kusintha tsiku kapena kupempha ndalama zanu, malinga ndi zimene zalembedwa pa chilolezocho. Bweretsani lisiti. Za thiransipoti ndi malo ogona amene munalipira kwina, pepani, izo sitikhudzidwa nazo.

Ndikavulala kapena kusochera, amalipira ntchito yondipulumutsa ndani?

Ili ndiye funso limene lavuta, ndipo tiyankha mosamala chifukwa mawu athu ena amawatenga ngati lonjezo.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ngakhale m'dziko limodzi. Ku America, bungwe la boma loyang'anira mapaki, National Park Service, kawirikawiri sililipiritsa munthu pomusaka ndi kumupulumutsa. Koma m'dziko lomwelo, boma la New Hampshire lili ndi lamulo lolola kutumiza bilu kwa munthu amene wapulumutsidwa chifukwa cha kusasamala kwake. Ku Kilimanjaro ndalama ya chipulumutso amailipiriratu aliyense pamodzi ndi zina zolowera. Choncho zimene munamva kwa mnzanu amene anayenda kwina zisakupusitseni.

Kuno, munthu amene watereka n'kuthyoka mwendo ali m'njira yololedwa, sitimupatsa bilu ya alonda amene apita kukamutenga. Ngozi ndi ngozi. Koma mawu akuti "sitilipiritsa" ali ndi malire. Ambulansi, chipatala, ndiponso helikopita ngati ili ya kampani, si zathu, ndipo eni ake akhoza kukulipiritsani. Werengani bwino pepala la inshuwalansi yanu, chifukwa zina sizilipira ngozi za kukwera mapiri pokhapokha mutawonjezera.

Nanga amene wadutsa chikwangwani choletsa? Apa sitingapereke yankho limodzi. Chindapusa cha kulowa malo otsekedwa chilipo, ndipo icho n'chosiyana ndi ndalama za chipulumutso. Zoti munthuyo abwezenso zimene tawononga pomutsitsa zimaunikidwa payekhapayekha: kodi chikwangwanicho chinkaoneka? Anauzidwa pachipata? Anali ndi ana? Ngakhale mu ofesi muno sitigwirizana tonse. Ena amati wopalamula dala azilipira, enafe timaopa kuti kuopa bilu kudzachititsa anthu kuimba mochedwa, usiku utagwa, pamene ntchitoyo imakhala yoopsa kwa aliyense.

Bwanji opulumutsa amachedwa chonchi?

Chifukwa nawonso amayenda wapansi. Helikopita siuluka m'chifunga kapena mu mphepo yamkuntho, ndipo siitera paliponse. Machira amodzi amafuna anthu pafupifupi 6 nthawi imodzi, ena n'kumatsatira kuti azilandizana. Mtunda umene inu munakwera maola awiri, iwo amatha kuutsika usiku wonse, tochi ili pamphumi, manja atachita matuza. Ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, asiya ntchito zawo ndi mabanja. Ndipo alonda amene athamangira kumeneko ndi omwewo amene mawa lake amayenera kukakonza mlatho umene mukudandaula uja.

Kulemba dzina m'kaundula pachipata n'kwa chiyani?

Kuti tikapanda kukuonani madzulo tidziwe poyambira kusaka. Musaiwale kusainanso potuluka. Tinakhalapo tikusaka munthu amene anali atagona kale kwawo.

Ndinalowa m'njira yotsekedwa ndipo zandivuta. Ndiimbe, kapena mundimanga?

Imbani msangamsanga, kusanade. Nenani zoona za kumene mwadzera, chifukwa mukanama tikakusakani kolakwika. Ngati netiweki ikuvuta, tumizani meseji, nthawi zina imadutsa pamene foni ikukana. Mukatero khalani pamalo amodzi, valani zofunda zonse zimene muli nazo, ndipo musamalize batire poyatsa tochi ya foni. Za chindapusa tidzakambirana mutatsika.