Musakweze malire a chenjezo, chepetsani variable

Ndatopa kumva zoti sisitemu ikuchedwa chifukwa cha netiweki ya kuno ku Dedza. Nthawi zambiri netiweki ilibe mlandu. Vuto ndi ma variable, timalo tosungiramo zomwe zimayenda ndi fomu iliyonse, amene mwawanenepetsa m'pulogalamu yoyendetsera ntchito, ija yopititsa fomu ya ngongole kuchoka kwa kalaliki, kwa manijala, mpaka ku komiti.

Mlangizi wa SACCO ali ku Bembeke kapena ku Lobi, wajambula pa foni chiphaso cha unzika cha mlimi wa kachewere. Chithunzicho tinene ndi 3 MB. Wopanga fomu, pofuna zachidule, wachisandutsa Base64, njira yolembera fayilo ngati zilembo, n'kuchiponya mu variable. Base64 imakulitsa fayilo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye 3 MB ija yafika 4 MB. Pa Camunda 8, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsera ntchitowa, uthenga umodzi sudutsa 4 MB ngati simunasinthe kanthu, choncho fomu yakanidwa pomwepo. Pa ina yotchedwa AWS Step Functions malire ndi 256 KB basi.

Okanidwawo ali ndi mwayi, poti vuto laonekera tsiku lomwelo. Amene amandidetsa nkhawa ndi omwe sisitemu yawo imangolandira osadandaula. Pa Camunda 7 zinthu zazikulu zimakalowa mu tebulo la ACT_GE_BYTEARRAY, ndipo mbiri mukaiika pa full, kutanthauza kuti izisunga kusintha kulikonse, variable ikasinthidwa imasungidwanso yathunthu. Ya 4 MB ikasinthidwa ka 10, fomu imodzi yadya 40 MB. Mafomu 1,000 a ngongole ya feteleza ndi 40 GB. Palibe amene amaona kanthu mpaka Novembala, mvula ili pafupi, alimi ali pamzere, backup, kukopera zonse kuti zisungike pena, ikukana kutha usiku umodzi. Apo mwachedwa kale.

N'chifukwa chake chenjezo la kukula kwa variable liyenera kulira kutali ndi malire enieni. Yambani mwayeza ma variable a mwezi wotanganidwa, osati wa phee. Ikani malire awiri: a variable imodzi, ndi a zonse za fomu imodzi pamodzi, chifukwa tizinthu ting'onoting'ono 200 timalemeranso. Ngati ma variable anu ambiri sadutsa 20 KB, ine ndingaike chenjezo pa 100 KB, ndipo la fomu yonse pa 500 KB. Koma lisapitirire theka la malire a pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito. Mukalitsitsanso kwambiri lidzalira ola lililonse, anthu n'kusiya kuliwerenga.

Onetsetsani ngati malo olembapo nambala ya chenjezo akufuna ma byte kapena ma KB. 1 MB ndi ma byte 1,048,576, ndipo wolemba 100 pomwe pakufunika ma byte wadzaza log, fayilo yolembamo zochitika, ndi phokoso lopanda pake. Pa pulogalamu ina yoyendetsera ntchito, IBM Business Automation Workflow, zosintha zimalembedwa mu 100Custom.xml, osati mu 99Local.xml. Mukatero yatsaninso seva, muone mu TeamWorksConfiguration.running.xml ngati nambala yanu yalowadi. Machenjezo amakathera mu SystemOut.log, fayilo imene muofesi zambiri palibe amaitsegula, ndiye akonzeni kuti azifika pa imelo ya munthu wodziwika dzina.

Chenjezo likalira, chotsani katunduyo. Chithunzi chikhale kosungira mafayilo, mu variable mutsale nambala yake yokha. Mndandanda wa mamembala onse usamayende ndi fomu iliyonse, tengani mzere wa munthu mmodziyo pa nthawi imene ukufunika.

Chenjerani ndi anyamata oyendayenda ndi laputopu amene amati akonza lero lomwe. Mankhwala awo ndi awiri: kukweza malire kuti chenjezo likhale chete, kapena kufufuta mizere mu database ndi manja. Koyambako kumangobisa matenda. Kwachiwiriko kumasiya mafomu amene ali pakati pa ulendo akuloza ku zinthu zomwe kulibe, ndipo ngongole ya mlimi imaima osapita kutsogolo kapena kubwerera. Asanakhudze chilichonse, auzeni akuonetseni variable imene yakula, kukula kwake, ndi sitepe imene ikuilemba. Akalephera kuyankha zitatuzi, musawapatse pasiwedi ya seva.