Madontho akuda pankhope: zomwe timapanga ku kiliniki, ndi chifukwa chake sitithamangira laser

Miyezi ingapo yapitayo kudabwera achemwali ena, zaka mwina 27, atavala chipewa chachikulu ndi mask ngati nthawi ya Covid ija. Atangokhala adatsegula jumbo nkuyamba kuyala katundu patebulo langa: machubu atatu ofinyidwa mpaka kumchira, sopo wachikasu, kabotolo kena kopanda ndi lebulo yomwe koti adagula pa WhatsApp, ndi mandimu awiri. Akuti "adokotala ndatopa, ingondipangani laser zithe basi." Atavula mask ija masaya ali psuu, khungu lapyapyala moti timitsempha tikuoneka, tiziphuphu ting'onoting'ono tili mbwee pachipumi, koma madontho omwe ankafuna kuchotsa aja alipobe, ena adachita kuda kuposa kale.

Laser, makina ochotsa madontho ndi kuwala aja, sindidawapange tsiku limenelo, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, poti funso lawo lija ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse.

Pakhungu pathu pali timaselo totchedwa melanocyte, ntchito yake nkupanga utoto wa khungu, melanin. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti mzungu ndi ine tili ndi timaselo timeneti tochuluka pafupifupi mofanana, kusiyana kwake tathu ndi takhama, ukangotiputa pang'ono tayamba kale kupopa utoto. Chiphuphu chikatupa, udzudzu ukakuluma iwe nkukanda, lezala ikakudya pachibwano, mafuta otentha akakuthonyera pophika mandasi, pamalopo pakapola pamatsala pakuda. Mzungu kawirikawiri pamangofiira kenako nkutha, ife dontho limakhala miyezi, nthawi zina zaka. Madokotala a khungu timagwiritsa ntchito muyeso womwe adayambitsa Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard mu 1975, masiku ano uli ndi magulu 6, kuyambira khungu loyera kwambiri mpaka lakuda kwambiri, ndipo ambiri a ife tili mu gulu 5 ndi 6. Nkhani yonse yagona pamenepa: khungu la gulu limeneli chilichonse cholipweteka limachiyankha ndi kuda. Ndiye mankhwala, asidi kapena makina omwe akuti achotse dontho akakhala aukali kwambiri amabala dontho lina lalikulu kuposa loyamba.

Choyamba chomwe timapanga nkufunsa ndi kuyang'ana, ndipo anthu amaona ngati tikuwachedwetsa. Koma madontho sali amodzi ayi. Pali otsala ndi ziphuphu aja, amenewo ndi ambiri. Pali melasma, zigamba zofiirira zomwe zimabwera mbali zonse ziwiri mofanana, pamasaya, pachipumi, pamwamba pa mlomo, makamaka kwa amayi apakati kapena omwe akumwa mapiritsi olera, ndipo dzuwa ndi lomwe limaikolezera. Pali kuda kwa kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa kooneka ngati litsiro lokanika kuchoka, anthu amakhula ndi mwala mpaka kunyuka, pomwe nthawi zambiri chimakhala chizindikiro choti thupi layamba kuvutika ndi shuga, munthu wotere ndimamutumiza kukayezetsa magazi osati kumupatsa mafuta. Pali dontho lozungulira ngati ndalama yachitsulo lomwe limabwerera pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse munthu akamwa mankhwala ena ake, kuno kwathu kawirikawiri ndi cotrimoxazole amene timangoti Bactrim (ngati mumamwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV musangosiya nokha chonde, kawauzeni kaye kumene mumalandira). Kumidzi timaonanso pellagra, khungu lakuda lokhakhala pamikono ndi mozungulira khosi ngati mkanda, chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin poti chakudya ndi nsima yokhayokha ndiwo zosakwana. Ndipo pali awiri omwe sindimaseka nawo: zigamba zakuda mofiirira za khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, kawirikawiri m'miyendo kapena m'kamwa, ndi dontho la kuphazi kapena pansi pa chikhadabo lomwe likukula nkumasintha maonekedwe. Bob Marley adamwalira mu 1981 ndi melanoma, khansa ya khungu, yomwe idayambira pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi. Tangoganizani munthu wotere apite ku saluni akamupake peel, asidi wofundula khungu uja.

Timayang'ananso kuti utotowo uli pakuya bwanji. Dontho lofiirira ngati tiyi wamkaka wochepa limakhala pamwamba, ndipo poti khungu lapamwamba limasinthika lokha pa masabata 4 mpaka 6, limamva mankhwala. Lotuwa ngati phulusa kapena lobiriwira ngati lakuda lija utoto wake udagwera pansi, limenelo limavuta, ndipo ndimamuuziratu munthu kuti tichepetsa koma mwina silitheratu.

Tsopano mankhwala opaka, omwe kunena zoona ndi amene amagwira ntchito yaikulu kuposa makina onse. Wodziwika kwambiri ndi hydroquinone, amatseka enzyme yotchedwa tyrosinase yomwe timaselo tija timapangira utoto. Kuchipatala timapereka wa 4%, wopaka padontho pokha usiku, kwa miyezi itatu kapena inayi kenako nkupumira. Nthawi zina amabwera wosakaniza ndi tretinoin (wofulumizitsa kusinthika kwa khungu) ndi ka steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) kofooka, njira yomwe adalemba Albert Kligman ndi mnzake mu 1975 ndipo mpaka lero pa melasma palibe mafuta oiposa kwenikweni. Anthu akamva dzina loti hydroquinone amandifunsa kuti si yemweyo ali m'mafuta oyeretsa a mumsika? Eya ndi yemweyo. Kusiyana kwake ndi mlingo, malo opaka ndi nthawi. Ukamapaka thupi lonse zaka ndi zaka amabweretsa matenda otchedwa ochronosis, khungu limada bii mobiriwira ndi timatuza tokhakhala pamasaya, ndipo amenewa kuchiza kwake nkovuta zedi. Adawafotokoza bwino koyamba ndi madokotala a ku South Africa mu 1975 ataona amayi ambiri akuda omwe ankadzola mafuta oyeretsa, ndipo dzikolo lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Chinthu chomwe munthu adagula kuti ayere nchomwe chimamudetsa mpaka kalekale.

Machubu a achemwali aja awiri adali a clobetasol, steroid wamphamvu kwambiri yemwe ife timapereka pa matenda ena a khungu kwa masabata ochepa okha ndipo pankhope timapewa. Amayeretsadi msanga, sindikana, sabata ziwiri anzako ayamba kale kufunsa kuti ukudzola chani. Koma amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu, mizere yong'ambika ija, tsitsi pankhope, zipere zosamva mankhwala, ndipo akalowa m'thupi nthawi yaitali amakweza shuga ndi BP. Zija timaseka zoti nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola, ndi zala zakuda m'mfundo, gwero lake nlimeneli. Mafuta ena ndi sopo amaikamo mercury, chitsulo chapoizoni, amene amaononga impso ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Pangano la Minamata la 2013 lidaika malire pa mercury m'zodzoladzola, koma kabotolo kopanda lebulo kamadziwa pangano lanji?

Kwa amayi apakati ndi oyamwitsa ndimakonda azelaic acid wa 15% kapena 20%, amagwira pang'onopang'ono koma ndi wofatsa ndipo amathandizanso ziphuphu. Tretinoin wapakati asapake, hydroquinone nayenso timadikira abereke. Niacinamide ndi vitamin C amathandiza ngati othandizira chabe. Pa melasma yokanika pali mapiritsi a tranexamic acid, omwe poyamba ndi oletsa kutaya magazi, koma amenewa timayamba tafunsa ngati munthu adadwalapo magazi kuundana m'mitsempha, ngati amasuta, ngati akumwa mapiritsi olera, si ogula pakauntala nkumamwa chifukwa waona pa TikTok. Za majakisoni ndi ma drip a glutathione omwe amati amayeretsa khungu sindichedwapo, palibe umboni wokwanira woti amachotsa madontho, ndipo kulowetsa chinthu mumtsempha m'chipinda cha kuseri kwa saluni ndi kusewera ndi moyo.

Peel ndi pomwe anthu amasokonezeka kwambiri. Ndi asidi yemwe timapaka pankhope kwa mphindi zochepa kuti khungu lapamwamba lifunduke msanga lituluke latsopano. Glycolic acid adachokera ku nzimbe, lactic acid ndi uja amawawasitsa chambiko, mandelic acid ku mtedza wa almond, salicylic acid ndi m'bale wake wa aspirin ndipo ndi wabwino kwa a nkhope yamafuta yaziphuphu chifukwa amalowa m'timabowo. Pa khungu lathu timayamba ndi mlingo wotsika, mwachitsanzo glycolic wa 20% kapena 30%, munthu wagona, ine wotchi m'manja maso pankhope, ndikufunsa kuti kukuyabwa bwanji kuyambira 1 mpaka 10, pakangooneka kutuwa kapena akati kwayamba kuwotcha ndimathira kale mankhwala oziziritsa asidiyo. Kenako abwerenso pakapita masabata 2 mpaka 4, maulendo anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo tisanayambe nkomwe amakhala atapaka kale mankhwala kunyumba masabata angapo kuti timaselo tija tigone tulo. Ma peel akuya a asidi wamphamvu wotchedwa TCA omwe mumaona pa mavidiyo azungu akusupuka nkhope yonse ngati njoka, pa ife amatha kusiya zigamba zakuda ndi zoyera zosatha, ngakhale keloid, zipsera zotupa zija, kwa amene thupi lawo limatero. Ndalandirapo anthu opsa ndi peel yogula pa intaneti, wina adaisiya usiku wonse akuti igwire bwino. Mandimu, Colgate ndi soda zomwe anthu amapaka kunyumba nazonso ndi peel yopanda wotchi, ndipo madzi a ndimu ukapita nawo padzuwa amawotcha khungu nkusiya chigamba chenicheni.

Microneedling, kaja kobaya ndi timasingano tambirimbiri, imathandiza kwambiri zipsera zolowa za ziphuphu kusiyana ndi madontho, ndipo poti sitentha khungu lakuda limaipirira bwino. Chachikulu onetsetsani kuti mutu wa masingano autsegula papaketi inu mukuona, magazi amatuluka, hepatitis B ndi HIV zimadutsa momwemo.

Ndiye laser yotchukayo. Imagwira ntchito pofunafuna utoto nkuuphwanya ndi kuwala. Pa mzungu dontho lokha ndiye lakuda, makina amaliona msanga. Pa ife nkhope yonse ndi utoto, makina sadziwa kuti dontho lathera pati, ndiye akhoza kuwotcha zonse. Nchifukwa chake pa gulu 5 ndi 6 yomwe timaikhulupirira ndi Nd:YAG ya 1064 nm, kuwala kwake kumadutsa pamwamba osamwedwa kwambiri ndi melanin, ndipo ngakhale imeneyo timaika mphamvu yochepa nkuyesa kaye kamalo kakang'ono kuseri kwa khutu kapena pansi pa chibwano, kudikira masabata angapo tione. IPL, yomwe malo ambiri okongoletsa amaitchula kuti laser pomwe si laser, pa khungu lakuda imasiya mizere yopsa ngati wagona pa waya wowotchera nyama. Ndipo pa melasma laser si yoyambira, imatha kuyeretsa mwezi umodzi kenako zigamba nkubwerera zokwiya. Pomwe makina amasangalatsa ndi pa timatuza takuda tija ta pamasaya ndi m'khosi tomwe timayenda m'magazi a pabanja, ngati ta Morgan Freeman wa mafilimu uja, timene timawotcha kamodzikamodzi ndi kasingano kamagetsi, mphindi zochepa zatheka. Musanagone pabedi la wina aliyense mufunseni dzina la makinawo, adapangapo anthu angati akhungu ngati lanu, ndipo ngati ndi wachipatala adalembetsa ku Medical Council of Malawi. Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu, kungoti akuuzeni mtundu wa dontho lanu nkoyambira kwabwino musanataye ndalama.

Chomwe anthu amandiseka nacho ndi sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa. "Adokotala, ine wakuda ngati ine?" Eya inuyo. Khungu lakuda limadziteteza lokha pafupifupi ngati SPF 13 (SPF ndi muyeso wa mphamvu yotchinga dzuwa), zokwanira kuti musapse msanga koma zosakwanira kuti dontho lisadetsedwe ndi dzuwa la Okutobala mukudikira minibasi. Pamafunika SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse, nkubwereza masana ngati muli panja, ndipo yabwino kwa ife ndi yokhala ndi mtundu ija ya iron oxide chifukwa imatchinganso kuwala kooneka ndi maso komwe kumadetsa khungu lakuda, komanso sikusiya uli mbuu ngati wagwa m'chigayo. Ndikudziwa ndi yodula. Chipewa cha khonde ndi ambulera zimathandiza ndithu, ndipo ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha pakati pa peel ndi sunscreen ine ndimati gulani sunscreen.

Achemwali aja tidayamba nkuchotsa steroid pang'onopang'ono, chifukwa ukangosiya kamodzi nkhope imayaka moto, ziphuphu zimabuka, munthu nkuthamangiranso chubu chomwecho. Sabata yachitatu adandiimbira akulira kuti ndawaononga, anzawo kuntchito akufunsa ngati akudwala. Tidapirira, sopo wofatsa, mafuta wamba ofewetsa khungu, sunscreen, kenako mankhwala a ziphuphu ndi azelaic acid, peel yoyamba ya salicylic idabwera mwezi wachinayi. Ulendo wathawu adalowa opanda mask, khungu labwerera mtundu wake weniweni womwe ndi woderapo kuposa momwe adazolowera, nkhope ndi khosi zayamba kufanana, madontho awiri a patsaya lamanzere akadalipo koma ukuchita kuyandikira kuti uwaone. Potuluka adaima pakhomo nkufunsa kuti nanga laser ija tipanga liti, ndidawauza abwerenso pakatha masabata anayi tidzaone kaye awiriwo.