Khoma la Forbes Field ndi Tsiku la 13 Okutobala

Mu mzinda wa Pittsburgh ku America, kudera lotchedwa Oakland, kuli khoma la njerwa zofiira lomwe silitchinga kanthu. Laima lokha pafupi ndi nyumba za yunivesite, zomera zoyanga zitalikuta, ndipo mlendo akhoza kulidutsa osacheuka n'komwe. Koma chaka chilichonse pa 13 Okutobala anthu amabwera ndi mipando yawo yopinda, atavala zakuda ndi zachikasu, n'kukhala m'munsi mwa khomalo kumvetsera masewero a baseball omwe anachitika mu 1960. Wopambana aliyense amamudziwa, koma palibe amanyamuka masewerowo asanathe.

Ine ndinafika mu mzindawu ndili kamwana, bambo atabwera kudzaphunzira. Amene anandilowetsa m'chikondi cha timu ya Pittsburgh Pirates ndi agogo ena oyandikana nafe nyumba, omwe anakalambira m'mafakitale osungunula zitsulo. Madzulo a chilimwe ankakhala pakhonde ndi kawailesi pamwendo, pensulo kukhutu, ndipo mpira uliwonse ukamenyedwa ankalemba kachizindikiro pakapepala. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti masewerowa ali ndi zigawo zisanu ndi zinayi, kuti wina amaponya mpira wina n'kuumenya ndi ndodo, ndipo kuti ukaumenya mpaka kudumpha khoma la bwalo, imeneyo ndiye home run. Ndi iwonso ananditengera koyamba kukhoma lija, atandigwira dzanja.

Timuyi ndi yakale ndithu. Inayamba mu 1882 ikutchedwa Allegheny. Dzina loti Pirates, kutanthauza achifwamba a panyanja, linabwera ngati chitonzo cha m'ma 1891, pomwe timuyi inalemba wosewera Lou Bierbauer yemwe timu ya ku Philadelphia inkati ndi wake. Anthu a ku Pittsburgh sanakwiye nalo dzinalo, anangolitenga n'kulivala. Mu 1909 mwini timuyi, Barney Dreyfuss, anatsegula bwalo la Forbes Field, lomangidwa ndi konkire ndi zitsulo panthawi yomwe mabwalo ambiri anali a matabwa. Chaka chomwecho Pirates, motsogozedwa ndi Honus Wagner, inagonjetsa Detroit Tigers n'kutenga World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America. Inatenganso mu 1925. Kenako panapita zaka 35 chikho chisanabwererenso mu mzindawu.

Ndiye mu 1960 inakumana ndi New York Yankees, timu ya Mickey Mantle, Roger Maris ndi Yogi Berra, yomwe inazolowera kupambana. Mpikisanowu umatha timu ina ikapambana masewero anayi mwa asanu ndi awiri. Masewero atatu omwe Yankees inapambana, inachita kuipondereza Pirates: 16 kwa 3, 10 kwa 0, 12 kwa 0. Pirates nayo inapambana atatu, koma movutikira, ndi kusiyana kochepa. Mukaphatikiza mpikisano wonse, Yankees inapeza mapointi 55, Pirates 27 okha. Agogo aja ankatchula manambala amenewa ngati munthu wotchula mayina a ana ake.

Masewero achisanu ndi chiwiri anali pa Forbes Field, Lachinayi masana pa 13 Okutobala. Pirates inayamba bwino, 4 kwa 0, koma pofika m'chigawo chachisanu ndi chitatu inali kumbuyo, 7 kwa 4. Apa panachitika chinthu chomwe masapota achikulire sasiya kuchikamba. Mpira womenyedwa pansi, womwe ukanatulutsa osewera awiri a Pirates nthawi imodzi, unanjanja modabwitsa n'kumumenya pakhosi Tony Kubek wa Yankees. Mwayi unatseguka pamenepo. Pirates itapeza mapointi awiri, Hal Smith anamenya home run ya mapointi atatu, Pirates n'kutsogola 9 kwa 7. Anthu anayamba kale kuvina, koma Yankees inabweza awiriwo, zinthu n'kukhala 9 kwa 9.

Woyamba kumenya m'mbali yomaliza ya chigawo chachisanu ndi chinayi anali Bill Mazeroski, mnyamata wa zaka 24, mwana wa munthu wokumba malasha. Ankadziwika kwambiri ndi luso lowakha mpira, osati kumenya. Mpira wachiwiri womwe Ralph Terry wa Yankees anaponya, Mazeroski anaumenya kulunjika chakumanzere. Yogi Berra anauthamangira, kenako anangoima n'kumauyang'ana ukudumpha khoma. Nthawi inali 3:36, ndipo Pirates inapambana 10 kwa 9. Mazeroski anazungulira bwalo akudumphadumpha, chisoti chili m'manja, anthu akukhamukira m'bwalomo. Mpaka lero, imeneyi ndiyo home run yokhayo yomwe inatsiriza masewero achisanu ndi chiwiri a World Series.

Forbes Field inatsekedwa mu 1970 n'kugwetsedwa, malowo anatengedwa ndi University of Pittsburgh. Chinatsala ndi chigawo cha khoma, pomwe pakuonekabe nambala 457 yolembedwa ndi penti yoyera, kusonyeza mtunda wa mafiti kuchoka pomwe womenya ankaima, pafupifupi mamita 139. Chikwangwani choyera chapansi chomwe womenya ankaima pambali pake chinasungidwa pansi pa galasi m'nyumba ya yunivesite yotchedwa Posvar Hall. Mwambo wa pa 13 Okutobala sunayambitsidwe ndi timu kapena akuluakulu a mzinda. M'zaka za m'ma 1980 sapota mmodzi anapita yekha kukhomalo ndi kaseti ya mawu a pawailesi a tsiku lija, n'kukhala pansi kumvetsera. M'zaka zotsatira ena anayamba kumupeza pamenepo, mpaka gulu linakula.

Pagululi mumaona ambiri atavala nambala 21. Imeneyo ndi ya Roberto Clemente wa ku Puerto Rico, yemwe anasewera nawo mu 1960 n'kudzatsogolera timuyi kutenganso chikho mu 1971. Pa 1 Sepitembala chaka chimenecho Pirates inakhala timu yoyamba m'ligi yaikulu kuyamba masewero ndi osewera asanu ndi anayi onse akuda kapena ochokera ku Latin America. Clemente anamwalira pa 31 Disembala 1972, ndege yomwe inanyamula thandizo la anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua itagwera m'nyanja. Agogo aja akafika pa nkhani imeneyi ankavula chipewa.

Ife a m'badwo wanga tinalandira zowawa zambiri kuposa zokoma. Chikho chomaliza ndi cha 1979. Kuyambira 1993 mpaka 2012, zaka 20 zotsatizana, Pirates inkamaliza chaka itagonja masewero ambiri kuposa omwe yapambana, ndipo osewera abwino ankapita kumatimu a ndalama zambiri ife tikuyang'ana. Ndimaona kuti eni timu anatilakwira m'zaka zimenezo, ndipo sindibisa. Komabe tinkawoloka mlatho wa Clemente wapansi kupita ku PNC Park, bwalo latsopano la timuyi. Pabwalo limenelo, pa 26 Epulo 2017, Gift Ngoepe wa ku South Africa, yemwe anakulira m'kachipinda ka pabwalo la baseball ku Randburg komwe mayi ake ankagwira ntchito, anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera m'ligi yaikulu. Anasewera udindo womwewo ankasewera Mazeroski, ndipo ulendo wake woyamba kugwira ndodo anamenya mpira n'kuthamanga kufika bwinobwino pamalo oyamba omwe womenya amathamangira. Usiku umenewo ndinaimbira foni abale kumudzi, ngakhale baseball saidziwa.

Agogo aja anatisiya kalekale, koma kukhoma ndimapitabe. Mawu a pawailesi amayamba cha m'ma 1 koloko, monga zinalili tsikulo, kuti zonse zigwe panthawi yake. Kubek akagwa, anthu amagwira pakamwa. Yankees ikabweza, mumamva kudandaula ngati zikuchitika lero. Ikamayandikira 3:36 onse amaimirira, ena atanyamula adzukulu pamapewa, maso ali kumwamba chakumanzere kwa khoma, komwe mpira uja unadutsira.