Zitsime za mafuta siziuma tsiku limodzi

Ambiri akamva zoti kupopa mafuta a pansi kudzafika pachimake n'kuyamba kuchepa, amaganiza kuti zitsime zidzauma tsiku limodzi. Sizitero. Chitsime chikakhala chatsopano, mafuta amakwera okha. Pakapita zaka mphamvu yowakankha imachepa, kampani n'kuyamba kupoperamo madzi kapena gasi kuti atuluke. Mafutawo amakhala alipo ndithu, koma mgolo uliwonse umadya ndalama zambiri kuposa wadzulo.

Mu 1956, katswiri wa miyala wa kampani ya Shell, M. King Hubbert, analosera kuti mafuta opopedwa ku America adzayamba kuchepa cha m'ma 1970. Ambiri sanamukhulupirire. Koma mu 1970 dzikolo linafika pa migolo 9.6 miliyoni patsiku, kenako n'kumatsika kwa zaka zoposa 30. Britain nayo zinaichitikira mu 1999.

Chimene Hubbert sanachione n'choti anthu adzaphunzira kuswa miyala ya shale (miyala ya pansi yosunga mafuta m'kati mwake) ndi madzi osakaniza mchenga ndi mankhwala. Pofika 2023, America inkapopa migolo pafupifupi 13 miliyoni patsiku. Zitsime zoterezi sizichedwa kufooka, ndiye kukumba zatsopano sikutha.

Lero mkangano unasintha. Bungwe loona za mafuta ndi magetsi padziko lonse la International Energy Agency linanena mu 2023 kuti kufunika kwa mafutako ndiko kudzasiya kukwera pofika 2030. A OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta kunja, akuti ayi. Ku Norway, mwa magalimoto 10 atsopano ogulidwa mu 2024, pafupifupi 9 anali amagetsi.

Koma Norway isatinamize. Galimoto yaing'ono ndiye mbali yophweka. Pali nkhani ndi pa dizilo: malole, mathirakitala, sitima zapamadzi, ngakhale chigayo cha kumudzi kumene magetsi sanafike. Dizilo amasunga mphamvu zambiri m'malo ochepa, pamene batire yoti lole ichoke nayo ku Beira mpaka ku Lilongwe ikhoza kulanda malo a katundu.

Kuno kwathu mafuta onse ndi oitanitsa, ogulidwa ndi madola. Ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amasakanizidwa ndi petulo, osati dizilo. Mapanelo a sola a ku Salima amapereka mamegawati 60, koma masana okha. Magetsi athu ambiri akudalirabe mtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januware 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali ndi majenereta anawayatsa, n'kukaima pamzere wa dizilo yemweyo.