Chikopa cha nkhandwe si cha njati, lekani kuchiphulitsa

Kukangoyamba kuzizira kuno ku Eastern Cape, ku South Africa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, zikopa za nkhandwe ndi za rooikat (mphaka wa m'tchire) zimabwera m'matumba ku ntchito kwathu, kumene timakonza zikopa n'kuimika nyama ngati zamoyo, ndipo funso limakhala lomwelo: "Achimwene, mungasoke?" Kusoka ndimasoka, ndi ntchito yanga. Koma singano sibweza ubweya umene wamwazika m'tchire. Ndatopa kumva kuti mfuti yaikulu ndiyo yabwino chifukwa "imamaliza kamodzi". Inde imamaliza, pamodzi ndi chikopa chomwe.

Ndikulembera makamaka inu anyamata akwathu amene muli m'mafamu a nkhosa ku Karoo, dera louma la m'dziko muno. Ambiri a inu simuombera, mumagwira tochi usiku kenako n'kusenda. Koma chikopa chikaonongeka, mlandu umagwera wosenda, choncho nkhani ya zipolopoloyi ndi yanunso.

Nkhandwe ya kuno, yamsana wakuda ija, imalemera makilogalamu 6 mpaka 13 basi. Rooikat, mphaka wa m'tchire wofiirira wa ubweya wakuda kunsonga kwa makutu, amaposerapo pang'ono, koma khungu lake ndi lopyapyala ngati la mphaka aliyense. Ndiye munthu akutenga mfuti ya .308 yophera mphalapala, chipolopolo cha magalamu pafupifupi 10, kukaombera kanyama kotere. Polowera pamakhala bowo la chala, potulukira pokwana chibakera. Ngakhale .243 Winchester, imene alimi ambiri kuno amaikonda chifukwa imagwetsa ndi insa zomwe, kawirikawiri imatulukira mbali inayo itang'amba. Ngati cholinga n'kuteteza nkhosa kokha, palibe vuto. Mukafuna chikopa, isiyeni kunyumba.

Chimene timafuna ife osoka ndi bowo limodzi. Chipolopolo chilowe, chisweke mkati mwa chifuwa, chisatuluke. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti nambala yolembedwa pa mpope wa mfuti ndiyo nkhani yonse. Taonani: .22 Hornet, .223 Remington ndi .22-250 zonse zimaponya chipolopolo chonenepa mofanana, mamilimita 5.7. Kusiyana kwake ndi onga umene uli kumbuyo. Hornet imakankha chipolopolo cha ma grain 45 (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo, ma grain 15 ndi pafupifupi galamu imodzi) pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi. Ya .223, imene inayamba kugulitsidwa kwa alenje mu 1964, imakankha cha ma grain 55 pa mamita pafupifupi 990. Ya .22-250 imafikitsa chipolopolo chomwecho pa mamita opitirira 1,100. Kukula kumodzi, mabala atatu osiyana.

Mukandifunsa ine, pa nyama yoitanidwa ndi mluzu usiku, imene imaima pa mamita 60 mpaka 200, ndimasankha .223 ndi chipolopolo cha ma grain 50 kapena 55 chosweka msanga. Zikopa zake ndimasoka katatu kanayi, n'kutseka. Hornet ndi yaulemu kwambiri pa rooikat, bola mukhale pafupi, osapitirira mamita 150. Ya .22-250 ndi ya m'zigwa zotambalala kumene nkhandwe zophunzira zimaimira patali, mamita 250 kapena 300, chifukwa pofika kumeneko ukali wake umakhala utachepa. Pafupi ndi yoopsa.

Pali chikopa china chimene sindichiiwala. Mlendo wina wochokera ku Ulaya anaombera rooikat wamphongo wamkulu, wokongola, makutu onse ali bwinobwino. Anagwiritsa .22-250 ndi kachipolopolo kopepuka ka ma grain 40, nyamayo ili pa mtunda umene munthu angaponye mwala. Anamenya pa fupa la phewa. Pa liwiro loterolo kachipolopoloko sikanalowe n'komwe, kanaphulikira pamwamba, n'kuchotsa chikopa chachikulu ngati mbale ya ndiwo. Mapapo sanakhudzidwe. Nyamayo inakwawa, anachita kuiomberanso kachiwiri. Chikopacho chitafika kwa ine ndinachiyala pa tebulo, ndinaona m'mphepete mwa bowolo muli manyanthumanyanthu, ubweya utapsa, tizidutswa ta mkuwa titakanirira mu mnofu. Mpeni suchita zimenezo. Mpeni umadula mzere woongoka, milomo yake imakumana ukaikoka. Ndinawauza zimenezi amene anabweretsa chikopacho. Anandimvera, anagwedeza mutu, koma kumapeto kwa mwezi mnyamata amene anasenda, wa ku Ntcheu, anamudula malipiro ati anang'amba ndi mpeni. Ndinasoka tsiku lathunthu, ndinabisa balalo poimika nyamayo mopendekera kukhoma, mlendoyo anasangalala. Ndalama za mnyamata uja sizinabwerere.

N'chifukwa chake ndimati phewa lisiyeni. Nyama ikaima cham'mbali, lozani kuseri kwa phewa, pa nthiti. Ikayang'ana kwa inu, pakati pa chifuwa, pamenepo chipolopolo chili ndi thupi lonse loti chitheremo. Kumutu ayi, ngati mukufuna kuti tikonze nkhope.

Ena atamva zimenezi amathawira mbali ina. Amagula mfuti yaing'ono ya .17 HMR, imene inatuluka mu 2002, chifukwa anaona pa YouTube kuti siboola. Kachipolopolo kake n'kolemera galamu imodzi ndi pang'ono. Pa kalulu ndi mbira n'kabwino, koma nkhandwe yaikulu ikamenyedwa nako patali kapena mphepo ikakakankha, imathawa ndi bala kukafera kuuna patapita masiku. Chikopa mwataya, nyama mwaizunza. Chimodzimodzi zipolopolo zausilikali zokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga: zimangodutsa ngati zingano, nyama n'kuthamanga. Ndipo musamvere akatswiri a pa bawo amene amati palani nsonga yake ndi tupa kuti chiphulike. Chipolopolo chopalidwa sichiuluka moongoka, ndipo palibe amene angakuuzeni chimene chidzachite chikagunda.

Koma kunena zoona, zikopa zambiri zimene ndimataya sizionongeka ndi mfuti. Zimaonongeka kumbuyo kwa bakkie, galimoto ya pikapu ija. Nyama yaphedwa 10 koloko usiku, yaunjikidwa ndi zinzake, yafundidwa pulasitiki, anthu apita kukagona, akusenda dzuwa litakwera. Nyama zodya nyama zimayamba kuola msanga pamimba. Mukaona pamimba pasanduka mobiriwira, kokani ubweya pang'ono ndi zala. Ukatsalira m'manja, zatha, palibe mankhwala. Sendani usiku womwewo. Magazi tsukani ndi madzi ozizira asanaume, chotsani mafuta onse, tembenuzani makutu ndi milomo, kenako thirani mchere wosalala wambiri, watsopano, mpaka m'zala za mapazi. Mchere wogwira kale ntchito uli ndi tizilombo. Yanikani pa mthunzi, osati pa malata. Wina akakuuzani za phulusa, dizilo kapena asidi wa batire, muuzeni ayesere pa jekete lake.

Ndipo valani magolovesi, chonde. Nkhandwe za m'dziko muno zimanyamula chiwewe. Ikabwera yokha pa tochi mopanda mantha, ikudzandira kapena kuchucha dovu, imeneyo si yosenda, auzeni abwana aitane a vetenale. Mukadzicheka posenda mutu, kapena malovu akalowa pa chilonda, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Osadikira Loweruka, osadikira malipiro, osapita kwa sing'anga kukatemera mphini. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Kwa amene muli ndi pasipoti yokha, lamulo la mfuti la South Africa la mu 2000 limapereka laisensi kwa nzika ndi okhazikika mwalamulo basi. Abwana akakutumani nokha kutchire ndi mfuti yawo, apolisi akakupezani womangidwa woyamba ndinu. Kusaka usiku ndi tochi kumafunanso chilolezo cha m'chigawo, ndipo chikopa cha rooikat sichituluka m'dziko popanda pepala la CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire. Zikopa zobwera popanda mapepala ife timazibweza pa geti, kaya bowo lake ndi laling'ono bwanji.