Oilo wofiira aliyense si wa giyabokosi yanu

Ndatopa nako kumva kuti "ingothiranimo oilo, ichira." Sabata siitha wina asanafike pagalaji panga ndi Sienta kapena Nissan Note ikulira, ndipo ndikafunsa chimene anathira mu giyabokosi, yankho ndi lomwelo: "Wofiira uja, ATF," kutanthauza oilo wa magiyabokosi wamba osintha okha magiya. Abale anga, timagalimoto tambiri ta ku Japan tomwe tadzaza pamsewu wa Nchalo, Ngabu mpaka Nsanje tili ndi giyabokosi ya mtundu wina yotchedwa CVT. Mkatimo muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri, ndipo lambayo amagwira chifukwa cha oilo wakewake. Toyota imafuna oilo wotchedwa TC kapena FE, Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3. Mukathira ATF wamba monga Dexron, lamba amaterereka n'kukanda mapulewo, ndipo pokandika sipabwerera.

Giyabokosi siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula. Mwaika D m'mawa, ikuchedwa kugwira. Mwaponda moto, injini ikukuwa koma liwiro silikukwera. Ponyamuka ikunjenjemera. Tsiku lomwelo onetsani oilo. Adontheze pansalu yoyera ndipo mununkhize. Wakuda wonunkha chopserera ndiye kuti zamkati zayamba kupsa. Wotuwa ngati wasakanizidwa ndi mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Izi ndinaziona kwambiri Namondwe Freddy atadutsa mu 2023. Anthu ankaoloka madzi, injini osazima, n'kumati apulumuka, osadziwa kuti madzi alowera pakabowo kopumira giyabokosi.

Pali mnyamata wina wa taxi amene mpaka lero amandiwawitsa mtima. Sienta yake anaigula pa ngongole, ankayenda Nchalo ndi Blantyre. Anabwera ikungochedwa pang'ono kugwira D. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, isiyeni lero tiiike pa kompyuta, tisinthe oilo woyenera ndi sefa." Iye anati, "Bambo, abanki sadikira, ndibwera Loweruka." Sanabwere. Anapita kwa wina wa pansi pa mtengo amene anamuthirira ATF wotchipa ndi kabotolo kena koti kamachiza magiya. Masiku oyamba inkaoneka ngati yachira. Patatha milungu itatu inaima pachitunda cha Thabwa, muli anthu odzaza ndi matumba pamwamba, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo. Choipitsitsa, anaikoka ndi chingwe mpaka Chikwawa injini ili chizimire. Injini ikazima pampu ya oilo siyenda, ndiye matayala akuzungulitsa zamkati zouma. Nditatsegula pansi ndinapeza maginito adzaza tizitsulo. Chomwe chinatsala n'kugula giyabokosi ina, ndipo ndalamazo analibe. Ndimadzifunsabe ngati ndikanamuumiriza kwambiri tsiku lija.

Kutentha kwathu kuno, komwe kumadutsa madigiri 40, kumakalambitsa oilo msanga, makamaka kwa inu okwera phiri lija tsiku ndi tsiku ndi katundu wopyola muyeso. Ndipo lekani kutsika pa N poti mupulumutse mafuta. Ikani S, B kapena L kuti injini ithandize mabuleki.

Komanso musalole munthu kumasula giyabokosi asanaiike pa kompyuta. Galimoto ikakakamira giya imodzi, nyali ya injini itayaka, nthawi zambiri ikudziteteza yokha chifukwa sensa ya liwiro, solenoid (kavalavu kamagetsi kowongolera oilo) kapena waya wavuta. Ngakhale batire yofooka imasokoneza. Nambala ya P0700, imene imatuluka mukaiika pa kompyuta, imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi yaona vuto, ndiye pamafunika kuwerenga nambala zina zomwe zili kuseri kwake. Ndalandirapo magiyabokosi abwinobwino atamasulidwa pafumbi, zitsulo zili m'beseni, pomwe vuto linali pulagi imodzi yochita dzimbiri. Wokonza akakuuzani kuti "yafa" asanaone oilo ndi nambalazo, tengani makiyi anu, muitane galimoto yonyamula, muchokepo.