Mmero wa injini: manifodi ya galimoto yonyamula kachewere

Nyengo yokumba kachewere itafika, bambo wina wa ku Tsangano anabwera ku galaja kwanga kuno ku Ulónguè ndi Hilux yakale ya petulo, ya injini ya 4Y. Manifodi yake, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, inali itang'ambika pansi pa kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya, khutu limodzi lomangira bawuti litathyoka, ndipo panali pomatamata ndi phula la zitsulo kangapo konse. Anali atafunafuna ina m'magalimoto akufa ku Tete mpaka ku Dedza, osaipeza yabwino. Mwana wake, mnyamata woyendetsa galimotoyo, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha manifodi yonyezimira ya mapaipi onenepa ngati mkono.

"Amisiri, mutipangire yonga iyi, galimoto izipuma bwino."

Ndinatembenukira kwa bambo ake. "Bambo, galimotoyi imagwira ntchito yanji?"

"Matumba a kachewere kutsika nawo ku Tete, pobwera feteleza ndi simenti."

Yankho limeneli ndilo linapanga manifodiyo, osati chithunzi chija.

Manifodi imene ndikunena ndi yolowetsa mpweya, imene anzathu ozolowera Chipwitikizi amati colector de admissão. Ntchito yake ndi kulandira mpweya kuchokera ku kabuleta, kapena ku kachitseko kotseguka mukaponda moto kamene ambiri kuno timati borboleta, n'kuugawira masilinda onse. Mpweyawo si wochepa. Injini ya malita 2 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imafuna kumeza malita 3,000 a mpweya mphindi iliyonse, ngakhale kuti umene umalowadi umaperewera pamenepo. Ndipo petulo sapsa bwino popanda mnzake: kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Mafuta mutha kuthira ochuluka mmene mungafunire, koma mphamvu ya injini imathera pamene mpweya wathera.

Ndiye bwanji osangoika mapaipi aakulu? Amene anathirirapo kudimba ndi paipi akudziwa. Madzi akamatuluka mwaulesi, mumatsina kukamwa kwa paipi ndi chala, pomwepo amathamanga n'kufika patali. Mpweya nawo ndi chimodzimodzi. M'paipi yopapatiza umathamanga, ndipo chothamanga sichiima msanga. Pisitoni ikafika pansi n'kuyamba kubwerera, valavu yolowetsa imakhala isanatsekeke, ndiye mpweya waliwiro umapitirizabe kudzikankhira m'silinda. Mpweya waulesi wa m'paipi yaikulu sutero. Pisitoni imaubweza kumene wachokera. Paipi yaikulu imayamba kupindula injini ikamalira pamwamba kwambiri, ka 6,000 kapena 7,000, monga m'magalimoto a mpikisano. Hilux yodzaza simenti pa mtunda wochokera ku Mussacama imakhalira pakati pa 2,000 ndi 3,000. Mukaipatsa mapaipi a pachithunzi paja, woyendetsa azingotsitsa magiya msewu wonse.

Kutalika kwa nthambi za manifodi nakonso kuli ndi nkhani yake, ndipo ine ndi mbali imene imandisangalatsa. Valavu ikatseka mwadzidzidzi, mpweya umene unali kuthamanga umagunda pamenepo, kugundako n'kubwerera m'paipi ngati funde, pa liwiro la phokoso, mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Fundelo limapita kumapeto kwa nthambi, limabwerera, limapitanso. Likafika pa valavu nthawi imene yatsegukanso ndipo ili pafupi kutseka, limakankhira mpweya wowonjezera m'silinda kwaulere. Zili ngati chitoliro cha bango: chachitali chimalira mawu aakulu apansi, chachifupi mawu ang'ono okwera. Nthambi zazitali zimagwirizana ndi injini yoyenda pang'onopang'ono ikukoka katundu, zazifupi zimagwirizana ndi yothamanga. A Chrysler anachita kuonetsa poyera mu 1960 pa galimoto yawo ya 300F: nthambi zake zinali za mainchesi 30, masentimita 76, zodutsana pamwamba pa injini, kuti mphamvu yokoka ichuluke injini ikuzungulira ka 2,800. Makampani ambiri pambuyo pake anapanga manifodi za njira ziwiri, yaitali ndi yaifupi, zosinthana zokha injini ikamakwera. Toyota njira yawo amaitcha ACIS. Ife osula pamanja tilibe mwayi umenewo. Timasankha kutalika kumodzi, ndiye tisankhe koyenera ntchito ya galimotoyo.

Mu Hilux malo a masentimita 76 mulibe, ndipo pa injini ya kabuleta pali china choletsa. Chodutsa m'manifodi yake si mpweya wokha, ndi mpweya wonyamula timadontho ta petulo. Timadonthoti ndi tolemera kuposa mpweya. Pokhota mwadzidzidzi timawongoka n'kumata pakhoma, mpweya ukachepa liwiro timagwa pansi n'kumayenda ngati kamtsinje. Mapeto ake silinda ina ikudya mafuta ambiri, ina ikugona ndi njala. Ya njalayo ndi imene imatentha n'kuwotcha valavu. Chifukwa chake ndimalimbikira kuti nthambi zonse zinayi zifanane kutalika mmene zingathekere, makhota akhale ozungulira bwino, ndipo pansi pa kabuleta pakhale pathyathyathya, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo injini ili m'galimoto. M'kati sindipukuta mpaka kuwala. Khoma lokhakhala pang'ono limathandiza petulo womata kubwereranso mu mpweya.

Pansi pa kabuleta pamafunanso kutentha. Petulo akamasanduka nthunzi amaziziritsa chitsulo, ndipo mmawa wa mu June kuno ku Angónia manifodi yozizira imachititsa injini kutsokomola ndi kuzima pa mphambano iliyonse. Pa 4Y manifodi yolowetsa ndi ya utsi zili mbali imodzi, ndipo ya fakitale imaothera pa ya utsiyo. Pa yathu ndinawotcherera kapaipi pansi pake kodutsa madzi otentha a injini. Amene mukupangira injini ya injekishoni, yofaira petulo popanda kabuleta, izi zisakukhudzeni: manifodi yanu imanyamula mpweya wouma, ikazizira ndiye bwino. Inu samalani nkhokwe imene nthambi zimatungamo mpweya, isachepe, ndipo silinda yakumapeto isamanidwe.

Tsopano kusula. Chiyambi ndi fulanji, chitsulo chathyathyathya chija chokhudzana ndi hedi, mutu wa injini. Gasiketi yatsopano ndiyo chikombole chanu: jambulani mabowo ake pa chitsulo, ndipo kukula kwa m'kati mwa nthambi kufanane ndi bowo la pa hedi, pasakhale kachidunda polowera. Fulanji ndimadula ya mamilimita 12. Yopyapyala imapindika.

Apa ndiulule zanga. Ndili mnyamata pantchitoyi ndinawotcherera nthambi pa fulanji itangogona patebulo yosamanga. Ndi maso inkaoneka yowongoka. Kutentha kunali kutaikoka kumapeto, ndipo pa silinda yachinayi panatsala kampata koti tsitsi n'kulowa. Injini inkayamwa mpweya wakuba pamenepo, ndipo pasanathe miyezi iwiri valavu ya utsi ya silindayo inapsa. Ndinakonza hedi ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kuyambira pamenepo fulanji ndimaimanga ndi mabawuti onse pa hedi yakufa kapena pa chitsulo chochindikala, ndimawotcherera pang'onopang'ono mosinthasintha mbali, ndimaisiya izizire ili chimangire, kenako ikapalidwe pa makina. Ndikaika rula yachitsulo, kampata koposa 0.1 ya milimita sindikalola.

Aluminiyamu ndiye woyenera, wopepuka ndiponso sachita dzimbiri, koma amafuna makina a argon. Iye amasungunuka pa madigiri 660, pamene kakhungu kamene amachita pamwamba sikasungunuka mpaka kupitirira 2,000, ndiye wogwiritsa makina a ndodo wamba amangoboola kapena kusiya timabowo tosaoneka. Yanga ndimakonza zonse kuno n'kupita nayo ku Tete kwa wowotcherera amene ndimamukhulupirira. Chitsulo wamba chimatheka ngati mulibe njira ina. Paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki ayi, utsi wake powotcherera umadwalitsa. Ya pulasitiki ya mipope musaiganizire n'komwe. Mukamaliza, tsukani m'kati mobwerezabwereza. Kanyenyeswa kalikonse kotsala kakathera m'silinda.

Chimene ambiri amaiwala ndi timabowo ta timapaipi. Manifodi ya injini ya petulo ndiyonso imayamwa mpweya ku busita ya mabuleki, imalandira nthunzi yochokera m'injini, ndipo pa injekishoni pamakhala masensa. Werengani timapaipi tonse ta pa yakale musanaitaye. Kuiwala ka mabuleki ndiye kuti pedulo idzauma gwaa mukutsika ndi matumba kulowera ku Moatize.

Pomanga, gasiketi ikhale yatsopano, mabawuti kuyambira pakati kupita kumapeto, pang'onopang'ono maulendo awiri kapena atatu. Silikoni ndi petulo sizigwirizana, musamatire nayo. Manifodi yaitali ipatseni chochirikiza cholumikiza ku injini, chifukwa misewu ya ku Tsangano imathyola chilichonse cholendewera. Injini ikungolira galimoto itaima, faizani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta molumikizira monse: kulira kukasintha, pamenepo pakulowa mpweya. Chozimitsira moto chikhale pafupi, makamaka pa 4Y pamene paipi ya utsi ili pomwepo.

Kutchuna kuli ndi vuto lakelake m'chigawo chathu chino. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulónguè ali pamwamba kupitirira mamita 1,200. Kuno mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, ngakhale kuti kutentha kwa ku Tete mu October, kopitirira madigiri 40, kumachepetsako kusiyanaku. Injekishoni imadzikonza yokha, kabuleta ayi. Mukachepetsa majeti, timabowo todutsa petulo m'kabuleta, kuti igwirizane ndendende ndi kuno, ikatsika kuchigwa ipeza mpweya wambiri mafuta ochepa, ikukoka katundu padzuwa loswa mtengo. Ine ndimalolera idyeko mafuta pang'ono kumtunda kuno kusiyana ndi kukapsa ku Tete. Geji yoyezera kuyamwa kwa manifodi nayo imatsika ndi inchi imodzi ya pa sikelo yake pa mamita 300 alionse okwera, choncho injini yabwinobwino yoonetsa 19 ku Tete kuno ionetsa 15 kapena 16. Musaiphwasule chifukwa cha zimenezo.

Eni machapa (maminibasi) a dizilo amene mumandifunsa za manifodi yatsopano, yambani mwaimasula yanuyo muone mwaye umene wadzaza m'kati. Nthawi zambiri kutsuka kokha kumabweza mphamvu. Ndipo aliyense amene angapeze manifodi ya fakitale yabwino, agule imeneyo; anaiyesa pa makina amene ife tilibe.

Hilux ija itapita ku Tete kawiri inabweranso kuti ndikhwimitse mabawuti. Ndinamasula mapulagi onse anayi n'kuwandandalika patebulo motsatana. Atatu anali ofiirira bwino ngati chikopa cha mtedza, lachinayi loderako pang'ono, zimene ndinazilola. Mnyamata uja ananena kuti malo amene kale ankatsitsa giya yachiwiri tsopano akudutsa ndi yachitatu, koma anadandaulabe kuti akatsegula boneti anzake saona chodabwitsa. Bambo ake anangofunsa mtengo wa sefa yatsopano ya mpweya, poti yakaleyo inali itadzaza fumbi la malasha.